Kuterereka mushopu: musume kapena musiye?

Mayi, pepani kwambiri ndi ngoziyi. Mwati Loweruka munaterereka pa mafuta ophikira omwe anatayikira pansi musupamaketi, munagwera dzanja lamanja, latupa, ndipo m'chiuno mukumvanso kuwawa. Mwatinso manijala anapepesa n'kukupatsani Panado ndi ya thiransipoti, ndipo tsopano abale ena akuti mukasume, ena akuti zagwa zatha. Mukufunsa ngati kuli koyenera kufuna chipukuta misozi.

Musagamule lero. Pa nkhani ya kuvulala, lamulo la Limitation Act limakupatsani zaka 3 zoti mlandu ulowe kukhoti, koma umboni ungathe kufufutika m'masiku ochepa chabe. Ndiye sabata ino ntchito yanu ndi ziwiri, chipatala ndi kusunga umboni. Zosuma kapena kusiya muganize mutadziwa kukula kwa vuto la dzanjalo.

Pitani kuchipatala mawa lomwe, ngakhale mukuona ngati mwangobinya. Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho, ndipo kulemera kwa thupi lonse kumathera polumikizira dzanja ndi mkono. Pamenepo, m'munsi mwa chala chachikulu, pali kafupa kakang'ono komwe madokotala amakatcha scaphoid. Kakathyoka, nthawi zina sikaoneka pa X-ray yoyamba. Akakuuzani kuti fupa lili bwino koma mukadina kadzenje ka m'munsi mwa chala chachikulucho mukumva ululu, mubwererenso pakatha masiku 10 mpaka 14 akakujambuleninso. Kafupa kameneka magazi safikako mokwanira, ndiye kakapanda kugwira, dzanja limauma ndi kumawawa kwa zaka. Musalole wina aliyense kulikoka kapena kulithowa mwamphamvu kunyumba, ndipo mphete muvule lisanatupiretu. Za m'chiunozo, ngati mukulephera kupondera mwendowo, kapena phazi latembenukira kunja ndipo mwendo ukuoneka wofupika, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi ngati munamenyetsa mutu ndipo mukusanza, mukungosinza, kapena mutu ukuwawa mowonjezereka.

Mukafika, muwauze adokotala momveka kuti munagwa mushopu, tsiku lakuti, nthawi yakuti, mutaterereka pa mafuta, ndipo musanatuluke muone kuti alemba zimenezo m'buku lanu la kuchipatala. Kamzere kameneka n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Loya wa shopu chinthu choyamba chomwe adzayang'ane ndi tsiku lomwe munayamba kupita kuchipatala. Pakadutsa masabata atatu, adzati munagwa kubafa kwanu. Ndiponso mutchule paliponse pomwe pakuwawa, osati dzanja lokha, chifukwa chiuno chomwe sichinalembedwe tsiku loyamba chimavuta kudzachilowetsa pambuyo pake.

Tsopano umboni. Makamera a m'mashopu sasunga zithunzi mpaka kalekale. Makina ake akadzadza amafufuta zakale n'kujambula zatsopano pomwepo, ena pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ena mwezi. Lembani kalata yaifupi kwa manijala, yaulemu, yopanda kuopseza. Munene dzina lanu, tsiku, nthawi, malo enieni omwe munagwera, monga pakati pa mashelefu a mafuta ndi a shuga, chomwe chinali pansi, ndi pomwe mwavulala. Kenako mupemphe kuti asunge zomwe kamera inajambula kuyambira ola limodzi musanagwe mpaka theka la ola mutagwa, komanso alembe ngoziyi m'buku lawo ndi kudziwitsa kampani yawo ya inshuwalansi. Ola la m'mbuyolo ndiye lofunika zedi, chifukwa ndi lomwe lingaonetse kuti mafutawo anakhala pansi nthawi yaitali bwanji ndiponso antchito angati anadutsa pomwepo osawapukuta. Makalata akhale awiri. Ina musiye, inayo akudindireni chidindo ndi kusayina, mubwerere nayo. Akadzati zithunzi zinafufutika pomwe kalata yanu analandira nthawi yabwino, limenelo ndi funso lomwe adzayankhe okha pamaso pa woweruza.

Lisiti la tsiku limenelo lisungeni, ndipo mulijambule pa foni chifukwa inki yake imazimiririka. Ngati munalipira pa Airtel Money, Mpamba kapena khadi la kubanki, uthenga wake uli ndi tsiku ndi nthawi, musaufufute. Chitenje kapena siketi yomwe ili ndi banga la mafuta musaichape, muikeni m'jumbo pamodzi ndi nsapato zomwe munavala. Jambulani dzanjalo lero, mawa ndi mkuja, chifukwa kutupa ndi kuda kwa khungu kumaoneka bwino pakapita masiku awiri kapena atatu. Ngati pali wogula mnzanu amene anakudzutsani, mufunefuneni mutenge nambala yake. Mboni yotere ndi yodalirika kuposa wantchito wa mushopumo, yemwe angathe kuvomera zonse tsiku la ngozi koma n'kudzaopa kutaya ntchito tsiku la mlandu.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Kugwa mushopu pakokha sikukupatsani ufulu wa chipukuta misozi. Chomwe khoti limafunsa ndi chakuti, kodi eni shopu anasamala mokwanira kuti ogula asavulale? Ngati mwana wa kasitomala wina wagwetsa botolo, inu n'kuponda pomwepo mphindi yomweyo, shopu inganene kuti panalibe mpata wopukuta, ndipo ikhoza kupambana. Koma ngati mafuta anali atapondedwapondedwa, muli mizere ya matayala a tolole, kapena katoni inali ikudontha pashelefu kuyambira m'mawa, kapena anakolopa matailosi osaika kachikwangwani kachikasu kaja, mlandu wanu uli ndi mphamvu. Fuliji yomwe imatulutsa madzi masiku onse mpaka anayalapo makatoni ndi umboni woti vutolo ankalidziwa. Ndiye khalani pansi mukumbukire bwino: mafutawo anali ochuluka bwanji, oyera kapena akuda ndi fumbi, panali botolo losweka pafupi, wantchito wina ananenapo kuti anali atauza kale anzake? Zilembeni m'kope lero, ndi mawu omwe ananena, chifukwa pakatha chaka mudzakhala mutaiwala.

Pali mlandu wa ku England wa 1976, Ward v Tesco Stores, womwe maloya amautchula kawirikawiri pa nkhani zotere, poti makhoti athu amaunikirako ku zigamulo za kumeneko pa nkhani za kusasamala. Mayi wina anaterereka pa yogati yotayikira pansi, ndipo sanathe kunena kuti inakhalapo nthawi yaitali bwanji. Khoti linati zinthu zotere siziyenera kupezeka pansi mushopu yosamalidwa bwino, choncho ndi eni shopu oyenera kuonetsa kuti anali ndi ndondomeko yabwino yoyendera ndi kupukuta. Ndiye musataye mtima chifukwa choti simukudziwa nthawi yomwe mafutawo anatayika.

Dziwaninso kuti adzayesa kukugawirani mlandu. Adzafunsa ngati maso anali pa foni, ngati munavala nsapato zakutha kunsi, ngati panali chikwangwani inu n'kudutsa dala. Khoti likapeza kuti nanunso simunasamale, nthawi zambiri silikumanani zonse koma limachotsera. Likati gawo lanu ndi 30 pa 100 aliwonse, mumalandira 70 yotsalayo. Loya wanu muuzeni zoona zokhazokha, chifukwa kamera yomwe mukuidalirayo ionetsanso zomwe inu mumachita.

Chipukuta misozi chimakhala m'magawo. Pali cha ululu ndi kuzunzika, cha zomwe simungathenso kuchita monga kale, monga kuchapa, kusinja, kulima kapena kubereka mwana, cha chipsera kapena kupindika kwa chiwalo, ndi cha ndalama zomwe mwalephera kapena mudzalephere kupeza. Za ululu, za zomwe simungathenso kuchita ndi za chipsera kapena kupindika, khoti limayerekeza ndi zomwe linapereka pa milandu ina ya kuvulala kofanana, poganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha. N'chifukwa chake aliyense wokuuzani chiwerengero asanaone lipoti la dokotala akungolota. Gawo lina ndi ndalama zomwe mwawononga, ndipo pa izi khoti limafuna umboni wa tambala iliyonse: malisiti a X-ray, mankhwala, lipoti la dokotala, mafizo. A minibasi ndi a kabaza sapereka malisiti, ndiye muzilemba m'kope tsiku, ulendo ndi mtengo. Ngati mumachita geni, kope lanu la malonda la miyezi ya m'mbuyo ndilo lidzaonetse zomwe mwataya. Ngati muli pa ntchito, sungani mapepala a malipiro ndi kalata ya tchuthi cha matenda.

Maganizo anga ndi awa. Zikapezeka kuti ndi kubinya chabe, pakatha masabata awiri mwachira, mlandu wa kukhoti sungakupindulireni. Umatenga nthawi, nthawi zina zaka, mumayenda maulendo ambiri, ndipo mukagonja khoti lingathe kukulamulani kulipira zomwe anzanuwo awononga pa mlanduwo. Pamenepo ndi bwino kungolemba kalata, kuphatikizapo mafotokope a malisiti, n'kupempha kuti akubwezereni za kuchipatala ndi za mayendedwe. Koma ngati fupa lathyoka, mwavala chikhakha masabata 6 kapena kuposerapo, mwachitidwa opaleshoni, kapena dzanja silikubwerera mwakale, funani chipukuta misozi ndipo musachite manyazi. Si dyera, ndiponso si kusakhululuka. Mashopu akuluakulu ambiri amalipira inshuwalansi ya ngozi za makasitomala chifukwa cha zinthu ngati zomwezi, ndipo mlandu umapita kwa kampani, osati kwa mnyamata wokolopa. Pa golosale yaing'ono ya m'dera mwanu nkhani ndi ina, chifukwa mwina inshuwalansi palibe, ndipo kupambana mlandu kwa munthu wopanda cholipira n'kungodzitopetsa. Kumeneko kukambirana pamaso pa mboni, n'kulemberana, kumathandiza msanga.

Panado ndi ya thiransipoti zomwe munalandira sizinatseke nkhani. Chomwe chimatseka ndi siginecha. Akakupatsani pepala loti mwalandira ndalama ndipo simudzafunanso kanthu, musasayine msanga, mulitenge mukawerenge kunyumba kapena mukaonetse loya. Mukasayina pa K100,000 lero, mwezi wamawa n'kupezeka kuti pakufunika opaleshoni, kubwereranso kumakhala kovuta kwambiri. Nthawi yabwino yogwirizana chiwerengero ndi pomwe dokotala wa mafupa waona kuti kuchira kwafika pomwe kungafike, n'kulemba lipoti lonena ngati pali chilema chotsalira ndi kukula kwake.

Mukasankha kupitiriza, loya amayamba ndi kalata yopita kwa kampani ya shopuyo, ndipo dzina lake lenileni nthawi zambiri limakhala pamwamba pa lisiti, mwina losiyana ndi lomwe lili pakhoma. A inshuwalansi amafufuza, kenako amavomera kukambirana kapena amakana. Akakana mpomwe mlandu umalowa kukhoti. Ku High Court, malamulo oyendetsera milandu a 2017 amafuna kuti mbali ziwirizo ziyambe zayesa kuyanjana mlandu usanazengedwe, ndipo milandu ina imathera pomwepo. Mukapambana, kawirikawiri chiwerengero cha ndalama chimakaonedwa padera pamaso pa Registrar, mmodzi mwa akuluakulu a khotilo, ndipo kumeneko ndi komwe malisiti ndi lipoti lija zimagwira ntchito.

Pa za loya samalani kwambiri. Funsani ku bungwe la maloya la Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chino. Mugwirizane za malipiro ake polemba mlandu usanayambe, ndipo munene kuti mukufuna kope la kalata iliyonse yochokera ku inshuwalansi, makamaka yonena ndalama zomwe alipira. Madobadoba omwe amazungulira m'zipatala n'kumalonjeza kuti ndalama zituluka msanga apeweni, ndipo buku lanu la kuchipatala lenileni musampatse munthu, perekani mafotokope. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa ndalama pa milandu, ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena. Kwa ena amene akuwerenga ndipo anagwa mushopu momwe amagwira ntchito, njira yanu ndi ina: yambirani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la 2000.

Za zaka 3 zija, zimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe munagwa, ndipo makalata kapena zokambirana ndi a inshuwalansi siziimitsa nthawiyo. Chomwe chimaiimitsa ndi kulowetsa mlandu kukhoti. Mukaona miyezi ikungopita ndi mayankho oti tikufufuzabe, mufunseni loya wanu nambala ya mlandu ndi kope la zikalata zomwe zili ndi chidindo cha khoti.