Ndikumva fungo la matayala akupsa, ena sakulimva

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndimagulitsa kaunjika. Chidwalireni chimfine chachikulu mu Juni, ndimamva fungo ngati la matayala akupsa, makamaka usiku. Ndakhala ndikuwadzutsa bambo a kunyumba kuti tione mawaya a magetsi, koma iwo samva kanthu. Apongozi akuti wina wandichita chipongwe. Kodi mutu wanga wayamba kusokonekera? — Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mutu wanu uli bwinobwino mayi, ndipo munachita nzeru kuyamba mwaona mawaya. Za apongozizo tiziike kaye pambali, ine ndikukayikira chimfine chija.

M'kati mwa mphuno, chakumtunda kwenikweni, muli timitsempha totola fungo n'kutumiza uthenga ku ubongo. Chimfine chikativulaza, pochira timatha kutumiza uthenga wabodza, munthu n'kumamva utsi popanda moto. Kuchipatala timati phantosmia, ndipo fungo lake silikhala lokoma kawirikawiri: utsi, zowola, khoswe wofera kudenga. Kuyambira 2020 tinaona zambiri zofanana ndi izi mwa anthu ochira COVID-19, ena anyezi wokazinga akuwanunkhira ngati dzala. Ambiri zimawathera zokha pakapita masabata kapena miyezi.

Fungolo likabwera, tsekani mphuno imodzi ndi chala, kenako inayo. Likatha mutatseka mbali imodzi, nthawi zambiri gwero lili m'mphuno momwemo: mamina okhalitsa kapena tinyama tomera m'kati. Onetsaninso mano, poti dzino lobooka limatha kutulutsa fungo lenileni lomwe nthawi zina mwini wake yekha ndiye amalimva. Tsukani m'mphuno ndi madzi owiritsa atazizira, kapu imodzi muthiremo theka la kasupuni kakang'ono ka mchere. Ngati mumafwenkha fodya, musiyeni.

Chimene sindifuna muchiphonye ndi khunyu. Tinazolowera kuti wakhunyu amagwa n'kutulutsa thovu, koma pali mtundu wina woyambira mbali ya ubongo yomva fungo. Fungo limabwera mwadzidzidzi, lomwelomwelo nthawi zonse, kwa masekondi ochepa chabe. Kenako munthu amangoti maso tong'o, akutafuna mkamwa mulibe kanthu, mukamuitana osayankha, ndipo akatsitsimuka sakumbukira chilichonse. Inu simungadzione nokha, choncho apempheni bambowo kuti akuyang'anitsitseni nthawi imeneyo. Khunyu lotere limatha kubwera munthu atavulala m'mutu, monga kugwa pa kabaza wopanda chipewa, atadwalapo malungo a muubongo, kapena timphutsi ta nyongolotsi za nkhumba tikafika ku ubongo. Mankhwala ake alipo ndipo amathandiza.

Mutu waching'alang'ala nawonso nthawi zina umayamba ndi fungo lachilendo. Chotupa cha muubongo n'chosowa, musagone nacho m'maganizo. Koma mukaona mutu ukupweteka mowonjezereka mpaka kusanza, mbali imodzi ya thupi kufooka, kapena magazi akutuluka mphuno imodzi, musadikire. Ngakhale zimenezi palibe, poti miyezi yapitapo, pitani kuchipatala chakwanuko akakulembereni kalata yopita ku Queens kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi.

Pakadali pano mphuno yanu musaikhulupirire kwambiri. Ndiwo zogona azikununkhizirani wina musanatenthetse, ndipo mbaula isagone m'nyumba, chifukwa mpweya wakupha wa makala ulibe fungo n'komwe.