Yankho kwa ofuna kuulula mbiri ya mkonzi wa nyuzipepala

Bambo, mwafunsa ngati mungalembe pa Facebook kuti mkonzi wina wotchuka si wachilungamo monga anthu amamutamira, popeza muli naye ku koleji ankabera mayeso, ndipo mwamva kuti masiku ano amalandira chipondamthengo kuti akwirire nkhani zina.

Ufulu wolankhula muli nawo pansi pa ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu Julaye 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, kuti ndime 200 ya Penal Code (malamulo a milandu ndi zilango zake), yomwe inkalola boma kuzenga munthu mlandu woipitsa mbiri ya mnzake, ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dzikowo. Chigamulocho chinatseka njira ya apolisi pa ndime imeneyo basi. Mkonziyo akhoza kukusumiranibe payekha kuti mumulipire chipepeso, komanso lamulo la 2016 loona za pa intaneti lidakalipo.

Akasuma, iye angoonetsa kuti mawuwo munalemba ndinu, akunena za iye, anthu ena anawerenga, ndipo ndi otsitsa ulemu wake. Sadzafunika kutsimikiza kuti ndi bodza. Mtolo wotsimikiza kuti ndi zoona udzakhala pamutu panu. Apa ndi pamene nkhani ya kusukulu ikundidetsa nkhawa. Kukumbukira kwanu kuti munaona kapepala kotuluka m'sokosi m'chipinda cholembera mayeso ndi umboni ndithu, koma loya wake adzakufunsani ngati munauza woyang'anira mayeso tsikulo, ngati pali kalata ya komiti yosungitsa mwambo, ndiponso chifukwa chomwe mwakhalira chete zaka zonsezi. Anzanu a m'kalasi omwe lero akukulimbikitsani pa gulu la WhatsApp, ambiri a iwo sadzavomera kukaima m'bwalo ngati mboni. Ndipo ngakhale zitatsimikizika, kubera mayeso pa unyamata sikuonetsa kuti munthu akulandira ziphuphu lero. Mfundo iliyonse imafuna umboni wakewake.

Za chipondamthengozo mwangomva, ndipo kulemba kuti "akuti" kapena kuika ngati funso sikukutetezani, pakuti wobwereza mphekesera lamulo limamutenga ngati woyambitsa. Chomwe chili chotetezedwa ndi ndemanga yochokera pansi pa mtima yokhazikika pa zinthu zoona zomwe mwazitchula, mwachitsanzo kudzudzula kuti nyuzipepalayo inasindikiza mbali imodzi ya nkhani yakutiyakuti osafunsa mbali inayo.

Ngati muli ndi malisiti a ndalama zotumizidwa pa foni kapena munthu amene anapereka ndalamazo, dandaulo lanu lipite ku Media Council of Malawi, bungwe loona za khalidwe la atolankhani, kapena ku Anti-Corruption Bureau ngati ndi ziphuphu zenizeni. Ngati mwalemba kale n'kulandira kalata ya loya yofuna kuti mufufute ndi kupepesa, musainyalanyaze: sungani chithunzi cha zomwe munalembazo, lekani kuwonjezera ndemanga, ndipo muonane ndi loya masiku omwe apatsidwa m'kalatamo asanathe, chifukwa kupepesa msanga kumachepetsa chipepeso chimene woweruza angagamule.