Kodi hena ingadetse imvi? Yankho kwa mayi a ku Mabvuku

Mayi ena a ku Mabvuku, kuno ku Harare, atilembera imelo. Akuti imvi zawatulukira pachipumi ndi m'mbali mwa makutu, ndipo kwa zaka zingapo akhala akuzibisa ndi dayi wakuda wa m'kabokosi. Ulendo wapitawu atadaya, m'mutu munayabwa usiku wonse, makutu anatupa, pakhosi panatuluka tizidzolo. Mnzawo wawauza za hena. Akufunsa ngati hena ingadetse imvi monga muja ankachitira dayi, ndiponso mmene angaikonzere okha pakhomo. Tsitsi lawo ndi lachibadwa, lambiri, lofika m'khosi akalikoka.

Mayi, tiyambe ndi mawu amene mwina simuwakonda: hena yeniyeni siidetsa tsitsi. Ili ndi mtundu umodzi wokha, wofiirira ngati dothi la katondo. Hena ndi masamba a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis, kokonda malo otentha ndi ouma monga Sudan, Egypt, Yemen, Pakistan ndi India. Yambiri ya m'masitolo imachokera ku Rajasthan, m'dera la Sojat, kumene amaumitsa masambawo n'kuwapera. M'masambamo muli utoto wotchedwa lawsone, umene umakanirira ku keratin, chinthu chimene tsitsi ndi zikhadabo zinapangidwa nacho. Utotowu suchotsa mtundu umene tsitsi lili nawo kale, umangokuta pamwamba. Pa tsitsi lakuda, kufiirako mungakuone pokhapokha mutaima padzuwa. Pa imvi ndiye pamaoneka zonse: tsitsi loyera limasanduka lofiira ngati waya wa kopa. Ena amazikonda choncho. Ngati inu mukufuna kuda, pafunika ufa wachiwiri wa masamba ena otchedwa indigo, ndipo tifikako.

Koma poyamba nkhani ya kutupa ija. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi thupi limene layamba kudana ndi PPD, mankhwala amene amapezeka m'madayi ambiri akuda. Thupi likangoyamba kudana nawo silibwerera, ndipo ulendo wotsatira zingakule kuposa woyamba. Kaonetseni kuchipatala, ndipo musapake chilichonse m'mutu mpaka khungu litapola. Tsono msampha uli apa: mapaketi ambiri olembedwa kuti "black henna" ndi hena pang'ono yosakaniza ndi PPD yemweyo, nthawi zina wochuluka kuposa wa m'dayi wamba. Munthu amathawa dayi n'kukagula chomwecho m'paketi yojambulidwa masamba. Paketi iliyonse yolonjeza tsitsi lakuda bii pa mphindi 20 kapena 30, isiyeni pashelefu pomwepo.

Pogula, tembenuzani paketi muwerenge zimene zili m'katimo. Pakhale dzina limodzi basi, Lawsonia inermis. Mukaona para-phenylenediamine (ndiye PPD uja), sodium picramate, kapena osalembapo chilichonse, musagule. Kuno ku Harare, koyambira kufunsa ndi m'masitolo a amwenye ogulitsa zokometsera ndiwo, monga a ku Belvedere ndi m'tauni. Funsani hena yojambulira m'manja ya ufa, chifukwa imakhala yosefedwa bwino, osati ija yosungunula kale ya m'timachubu. Ufa wabwino umakhala wobiriwira mofuwirira, ndipo umanunkhira ngati udzu wouma. Wobiriwira mowala kwambiri ungakhale wothiridwa utoto kuti uoneke watsopano. Indigo amavutirapo kupeza; papaketi palembedwe Indigofera tinctoria. Chosokoneza n'chakuti ena amagulitsanso indigo weniweni pa dzina lomwe lija la "black henna", n'chifukwa chake dzina la kutsogolo kwa paketi silokwanira.

Mukafika kunyumba yesani. Sungunulani kasupuni kamodzi ka ufawo ndi madzi, muike papepala loyera. Hena yeniyeni imakhalabe yobiriwira ngati ndowe, kenako pakapita maola imasiya banga lofiirira. Ikada kapena kuchita mtundu wa biringanya pa mphindi zochepa, muli mankhwala. Ikapambana pamenepo, pakani pang'ono m'kati mwa chigongono, muchotse pakapita ola, mudikire masiku awiri. Chitaninso chimodzimodzi ndi indigo padzanja linalo. Zachilengedwe nazo anthu ena zimawayabwa, ngakhale si kawirikawiri. Sonkhanitsaninso tsitsi lotsalira m'chipeso, makamaka la imvi, muliviike m'phala lomwe mwakonzalo kuti muone mtundu wake musanaike mutu wonse.

Kuchuluka kwake: tsitsi lalifupi lometa limatha magalamu 50 mpaka 100. Lanulo, poti ndi lambiri ndipo likufika m'khosi, konzani magalamu 150 mpaka 200. Kuli bwino itsale kusiyana n'kuti ikuthereni mutafika theka la mutu. Sefani ufawo ndi sefa ya tiyi kapena sokosi yopyapyala yakale. Ambiri amadumpha pamenepa, ndiye amadzadandaula potsuka, chifukwa tsitsi lathu lopotanali limagwira kachitsotso kalikonse.

Pa magalamu 100 aliwonse mufunika madzi pafupifupi mamililita 250 mpaka 300 ndi masupuni awiri akuluakulu a madzi a mandimu. Kuwawasa pang'onoko kumathandiza utoto kutuluka m'masamba ndi kukhala wamphamvu nthawi yaitali. Koma musasungunule ndi mandimu okhaokha, monga amalangizira ena: tsitsi lachibadwa limauma kale, ndipo mandimu ochuluka amalisandutsa ngati chinkhupule, m'mutu n'kumanyerenyetsa. Madzi akhale ofunda pang'ono kapena ozizira. Owira amatulutsa utoto msanga koma umafookanso msanga, ndipo mtundu wake umatuwa. Mafuta musathiremo, kaya a kokonati kaya ophikira, chifukwa amatchinga utoto kuti usafike patsitsi. Khofi, mazira ndi zina zimene anthu amaponyamo sizidetsa hena. Khofi amangowonjezera fungo, ena mpaka mutu kuwawa.

Takasani m'mbale yagalasi kapena yapulasitiki mpaka likhale phala lolimba, loti supuni iime. Phimbani ndi pulasitiki yokhudza phalalo kuti mpweya usalowe, musiye m'nyumba pamthunzi. Nthawi yodikira imatsata nyengo, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. M'mwezi wa Okotobala, kutentha kukamayandikira madigiri 30, maola 4 mpaka 6 akwana. M'chisanu cha Juni ndi Julaye, pamene usiku kuno kumazizira kutsika madigiri 10, phalalo limafuna maola 12 kapena kuposerapo. Musadalire wotchi yokha. Pamwamba pa phala pakada pang'ono m'kati muli mobiriwirabe, tapani kadontho muike pachikhatho mphindi 5 n'kupukuta. Pakatsala banga la mtundu wa lalanje, lapsa. Likakhalitsa pamalo otentha tsiku lathunthu kapena awiri, utoto umafa, ndipo mudzagona nalo kumutu pachabe. Likapsa, onjezerani madzi pang'onopang'ono lifike ngati chambiko chokhuthala, losadontha pasupuni.

Tsitsi likhale lotsukidwa bwino. Masulani zoluka, sambitsani ndi shampu, osapaka kondishona. Mafuta a m'mutu amene timadzola mlungu wonse aja achoke onse, apo ayi imvi za m'mphepete sizigwira, pomwe ndi zomwezo mukuzifuna. Likauma kapena likatsala lonyowa pang'ono, ligaweni zigawo 6 kapena 8. Pakani Vaseline pachipumi, pamakutu ndi pakhosi, koma asakhudze tsitsi. Valani magolovesi ndi malaya akutha. Hena ikalowa m'zikhadabo imatha miyezi, mpaka chikhadabo chikule. Yambani kunkhongo, chigawo chimodzi chimodzi, kuyambira pakhungu kupita kunsonga, ndipo muzimata mokhuthala ngati mukuzira nyumba, osati mongodzoza. Pachipumi ndi pafupi ndi makutu bwerezani kawiri. Mukatha vekani mutu jumbo, pamwamba mumange duku lakale. Hena imagwira ntchito ikakhala yonyowa ndi yofunda, ikauma yaleka. Khalani nayo maola 3 kapena 4. Imvi zouma gwa zimafuna 4.

Kutsuka ndiyo ntchito yaikulu, ndipo ku Mabvuku kumene madzi a m'mipopi sadalirika, musayambe musanatunge. Ikani pambali zidebe ziwiri kapena zitatu za malita 20. Njira yosunga madzi ndi kuviika mutu m'beseni n'kumagwedeza tsitsi ndi zala mpaka phala lisungunuke, kutaya, kenako kubwereza. Madzi oyambawo katayeni panja pamaluwa, chifukwa matope akewo amatseka paipi ya sinki. Ngati mukulekera pa hena yokha, pakani kondishona wambiri, wotchipa yemwe, kuti zotsalira ziterereke. Ngati mukupitiriza ndi indigo, tsukani ndi madzi okha.

Mukadziyang'ana pagalasi nthawi imeneyi mudzadzidzimuka, imvi zili psuu ngati karoti. Musathamangire kusaluni. Pa masiku awiri kapena atatu mtunduwo umakhwima ndi mpweya n'kukhala wofiira modera.

Tsono za kudetsa. Indigo ndi utoto wabuluu, ndipo payekha pa imvi amatulutsa mtundu wobiriwira kapena wabuluu wotuwa, wosakhalitsa. Akakwera pamwamba pa kufiira kwa hena m'pamene pamatuluka kuda. N'chifukwa chake hena imayamba, indigo n'kutsatira tsiku lomwelo, kapena pasanathe masiku atatu. Khalidwe lake ndi losiyana kwambiri ndi la hena. Safuna mandimu ngakhale dontho, safunanso kugonekedwa. Tengani muyeso wofanana ndi wa hena, sungunulani ndi madzi ofunda okha, thiranimo kasupuni kamodzi ka mchere pa magalamu 100, dikirani mphindi 10 mpaka 15. Pamwamba pakayamba kuoneka buluu wonyezimira, pakani nthawi yomweyo ndipo fulumirani, chifukwa mphamvu yake imayamba kutsika ola lisanathe. Ngati dzanja lanu ndi lochedwa, sungunulani theka, mumalize mbali imodzi, kenako musungunule theka linalo. Apa yambirani kutsogolo kumene kuli imvi, indigo akadali wamphamvu. Phala lake ndi lamchengamchenga ndipo limayoyoka, choncho yalani manyuzipepala pansi. Phimbani mutu, mukhale ola limodzi kapena awiri, mutsuke ndi madzi. Shampu adikire masiku awiri.

Kwa inu, mayi, njira ya magawo awiriyi ndiyo yoyenera pa chifukwa china. Tsitsi lanu lili kale ndi dayi wakuda, ndipo hena yeniyeni siilimbana naye, koma siingamusinthenso. Mukapaka hena yokha mudzakhala ndi mizu yofiira ndi nsonga zakuda. Amene akufuna mtundu wa khofi angathe kusakaniza ziwirizi kamodzi: hena ipse kaye payokha, indigo asungunulidwe pamapeto, kenako n'kuphatikiza n'kupaka pompo. Theka ndi theka zimapereka bulawuni wapakati. Magawo awiri a indigo pa gawo limodzi la hena, woderapo. Koma kusakanizaku sikufika pa kuda kwenikweni, ndipo pa imvi zambiri kufiira kumasuzumirabe.

Zovuta zimene zimabwera pambuyo ndi zodziwika. Tsitsi likamveka louma ndi lokhakhala, kawirikawiri ndi ufa wotsalira kapena mandimu anachuluka. Tsukaninso, mupake kondishona wokhalitsa mphindi 30, kenako mafuta anu a masiku onse. Indigo amasuluka msanga kuposa hena, moti pakapita milungu ingapo kufiira kumayamba kuonekera, makamaka maulendo oyamba. Kubwereza kumakhazikitsa. Imvi zatsopano zimaoneka pakatha milungu 4 mpaka 6, ndipo pamenepo pakani kumizu kokha, magalamu 50 akwana. Kumata mutu wonse mwezi ndi mwezi kumalemeretsa tsitsi, ndipo kwa ena kupotana kwake kumamasukirako. Amene amawongola tsitsi ndi relaxer asiye milungu iwiri pakati, ndipo ayese kaye pa tsitsi la m'chipeso. A madiredi aganize kawiri, ufa ukalowa m'katimo kutuluka kwake n'kovuta.

Dziwaninso kuti hena siichoka. Imatha ndi lumo kapena ndi kukula kwa tsitsi. Mukadzafuna tsitsi lowala m'tsogolo, mankhwala oyeretsa tsitsi akakumana ndi indigo amasiya mtundu wobiriwira umene wa saluni sangaukonze. Muuzeni wokukonzani tsitsi zimene munapaka asanakhudze mutu wanu.

Ana aang'ono musawapake hena, ngakhale m'manja mongosewera. Pali vuto lina la magazi lobadwa nalo lotchedwa G6PD deficiency, lofala ndithu kuno ku Africa makamaka mwa amuna, ndipo mwa anthu otere lawsone angathe kuswa magazi, koposa makanda. Zizindikiro zake ndi maso achikasu, kufooka ndi mkodzo woderapo. Zikaoneka, kuchipatala msanga. Wamkulu amene anauzidwa kuti ali ndi vutoli aisiye hena.

Phala la hena lotsala limasungika mufiriza miyezi ingapo, koma ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno limasungunuka n'kuumanso mpaka utoto kutha, choncho n'kwabwino kusungunula longokwana. La indigo lotsala ndi lotaya. Ufa wouma sungani m'chitini chotseka bwino, mumdima, ndipo wa indigo usalowe mufiriza.

Za tsiku: m'nyengo yozizira sungunulani hena madzulo, mupake m'mawa mwake cha m'ma 8, mutsuke masana, indigo cha m'ma 2, ndipo dzuwa lisanalowe mwamaliza. Tsiku loyamba ndi lachiwiri tsitsi lingaoneke lobiriwirako mukaima padzuwa, lisanakhazikike pa kuda. Ngati Lamulungu muli ndi tchalitchi kapena ukwati, chitani zimenezi Lachitatu kapena Lachinayi. Mukachita Loweruka, konzeranitu duku.