Funsani kaye musanamange matumba

Mayi, mwafunsa kuti mungatani ndi katundu amene wadzaza chipinda chimodzi cha nyumba yanu, popeza ana anakula n'kuchoka ndipo mukusamukira m'nyumba yocheperapo mwezi wa Meyi. Mwatchula zovala, mapoto, matilesi awiri, mabuku a sukulu ndi sutikesi ya malemu apongozi anu, ndipo mwati mtima wanu uli pa kupereka, osati kugulitsa. Ine ndikupemphani kuti musanamange thumba ngakhale limodzi, mupeze kaye anthu amene mukufuna kuwapatsa ndi kuwafunsa chimene akusowa.

Ndikutero chifukwa cha zimene ndinaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi m'madera ena a m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre. Ndinali mmodzi mwa amayi amene ankasankhula katundu wobwera ku tchalitchi kwathu asanamutumize m'misasa ya anthu osowa pokhala. Anthu anapereka ndi mtima wonse, koma m'matumba ena tinkapezamo nsapato ya phazi limodzi, nsapato zazitali zidendene zoti munthu sangayende nazo m'matope, kabudula wam'kati wakutha, ngakhalenso diresi ya ukwati yodyedwa ndi njenjete. Tinataya masiku awiri tikulekanitsa zovalika ndi zoyenera kutayidwa kudzala, pamene amayi a m'misasa ankapempha zitenje, mabulangete, ndowa, mapoto ndi mbale. Mphika wakuda ndi mwaye, umene mwiniwake anachita nawo manyazi poupereka, unapeza woulandira tsiku lomwelo, koma diresi ija inatsala pakona mpaka msasa unatsekedwa.

Choncho mapoto anu musawapeputse. M'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, odikirira odwala amadziphikira okha, ndipo ambiri amachoka kumudzi mwadzidzidzi atanyamula chitenje chokha. Njira yabwino yowafikira ndi kudzera m'magulu a amayi a m'mipingo, monga a Chigwirizano, a Mvano kapena a Dorika, chifukwa iwowa amayendera odwala, akaidi ndi okalamba kawirikawiri ndipo amadziwa khomo limene lilibe chofunda. Mwachita mwayi kuti mukusamuka mu Meyi, pakuti majuzi ndi mabulangete adzafika m'manja mwa anthu chisanu cha Juni ndi Julayi chisanalimbe.

Posankhula, dzifunseni ngati chinthucho mungachipereke m'manja mwa mchemwali wanu mukumuyang'ana m'maso. Chimene chingakuchititseni manyazi pamenepo si mphatso ayi, ndipo kuchitumiza kwa osowa ndi kungowasenzetsa ntchito yokutayirani zinyalala. Zovala muzichape, mabatani muwasokerere, nsapato muzimange ziwiriziwiri, ndipo pa thumba lililonse mulembepo ngati muli za ana, za amayi kapena za abambo. Matilesi muwatulutse padzuwa ndi kuyang'ana bwino m'misoko, chifukwa nsikidzi zikalowa m'nyumba ya ana amasiye kudzera pa matilesi amodzi, kuzichotsa kumadya ndalama zoposa mtengo wa matilesiwo. Mankhwala otsala m'kabati musapatse munthu aliyense, ndipo ayironi kapena wailesi muyambe mwayesa ngati ikugwira ntchito. Mabuku muwaonetse kaye kwa mphunzitsi, popeza silabasi imasintha ndipo ena sangathandizenso mwana wa lero.

Sutikesi ya malemu ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndikukuchenjezani kuti musafulumire. Ngakhale yakhala m'nyumba mwanu zaka zambiri, katundu wa womwalira ali ndi eni ake, ndipo lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza amene ayenera kulandira. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, mlamu wanu akadzaona chitenje cha mayi ake chili m'chiuno mwa munthu wachilendo pamsika, mawu amene adzatuluke simudzawabweza. Uzani amuna anu aitane abale awo, sutikesi itsekulidwe onse alipo, aliyense atenge cha chikumbutso, ndipo zotsalazo mugwirizane kokazipereka.

Ngakhale pa katundu wanu weniweni, yambani mwauza achibale ndi amene amakuthandizani ntchito pakhomo, chifukwa zimapweteka kuona galimoto ikutenga bedi kupita nalo kutali pamene mwana wa mlongo wanu akugona pa mkeka. Apatseni tsiku lenileni lodzatengera, mwachitsanzo Loweruka la sabata yachiwiri musanasamuke, ndipo muwauze momveka kuti chimene sichidzatengedwa tsikulo chidzapita ku mpingo Lolemba lake. Mukapanda kutero, aliyense adzati mumusungire, ndipo katundu yense adzakwera nanu lole kupita ku nyumba yatsopano.