Mafunso a Owerenga: Mfiti ya m'masewera yandikanika kuumba

FUNSO: Ine ndi anzanga atatu tapeza buku la masewera a patebulo, aja oti aliyense amakhala ndi mtengambali wake, wina n'kumatsogolera nkhani, madayisi n'kumagamula pakavuta. Athuwa ndi a mfiti za m'mudzi, ndipo amaseweredwa ndi madayisi awiri a mbali 6. Anzanga adzaza kale mapepala awo, langa likadali mbee. Ndinayesa kulemba mayi woopsa, wouluka usiku, wosanduka kadzidzi, woitana mphezi. Nditawerenga ndinaona kuti sindikumudziwa n'komwe, komanso liwu loti mfiti likundidetsa nkhawa. Kodi masewera otere ngabwino? Nanga ndiyambire pati? — Wowerenga wanu

YANKHO: Achemwali, nkhawa yanuyo musaitaye, ndi imene iumbe mtengambali wanu. Liwu loti mfiti m'Chichewa ndi lolemera, ndipo anthu enieni, makamaka okalamba, avulazidwa ndi kuphedwa chifukwa chongolozedwa nalo chala. Koma munthu amene olemba masewera otere amakhala naye m'mutu nthawi zambiri ndi mzamba, wodziwa zitsamba, amene anthu amagogoda pakhomo pake pakati pa usiku mwana akatentha thupi, kukacha n'kumamulambalala panjira.

Mayi wanu wamphezi uja wakukanikani chifukwa palibe chimene akusowa kwa munthu aliyense. Ndatsogolera masewera a mtunduwu kangapo, ndipo mtengambali wotere amangokhala phee patebulo kudikira ndewu, anzake nkhani ikuwayendera.

Taonani zimene zinachitika ku Pendle, m'dera la Lancashire ku England, mu 1612. Mtsikana wina, Alizon Device, anakumana panjira ndi wogulitsa katundu woyendayenda, John Law, n'kumupempha mapini. Bamboyo anakana. Atangoyenda pang'ono anagwa, thupi litafa mbali imodzi. Agogo ake a Alizon, amene ankadziwika ndi dzina loti Demdike, anali atakhala zaka zambiri akuitanidwa kukachiza anthu ndi ziweto. Alizon ndi abale ake atanenezedwa za ufiti, agogowo anafera m'ndende mlandu usanazengedwe. M'mwezi wa August anthu 10 ananyongedwa ku Lancaster, ndipo mboni imodzi inali Jennet, mng'ono wake wa Alizon, mwana wa zaka 9, amene anaimikidwa kuneneza mayi ake enieni. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Munalibe kuuluka m'menemo. Munali umphawi, mapini, ndi anthu amene dzulo ankapempha thandizo.

Tsono musanalembe mphamvu ngakhale imodzi, yankhani izi papepala. Ndani m'mudzimo ali ndi ngongole ya moyo kwa mtengambali wanu, koma safuna kuti zidziwike? Ndani amene iye analephera kumuchiza, ndipo abale a malemuyo amati chiyani akamuona? Nzeru zakezo anamuphunzitsa ndani, ndipo analekana bwanji? Funso lomaliza ndi limene ndimalikonda: n'chifukwa chiyani sanasamuke? Munthu amene akunyozedwa koma osachoka pali chimene chamumanga mwendo, kaya manda a mwana wake, kaya lonjezo, kaya munthu amene amamukonda mwakachetechete. Mukachipeza chimenecho, dzina ndi zaka zibwera zokha.

Luso mumupatse limodzi, logwirika. Mu 1785 dokotala wina, William Withering, anatulutsa buku lonena za chitsamba chotchedwa foxglove, ndipo analemba kuti anayamba kuchifufuza atamva za mankhwala a matenda otupa thupi amene mayi wina wokalamba wa ku Shropshire ankasunga mwachinsinsi. Chitsamba chomwecho chimathandiza mtima, koma mukapyoza muyezo chimapha. Luso lotere ndi limene limabala nkhani: dzanja likangonjenjemera poyeza, wochiza wasanduka wakupha.

Za madayisi, mmene mwafotokozeramu zikufanana ndi dongosolo limene linatchuka ndi masewera otchedwa Apocalypse World a Vincent ndi Meguey Baker, a mu 2010. Mumaponya awiri n'kuphatikiza. Mukapeza 10 kapena kuposa, zatheka. Kuyambira 7 mpaka 9 zatheka koma mulipira kanthu. Pa 6 kutsika m'munsi, wotsogolera ndiye anena tsoka lanu. Madayisi awiri amagwa m'njira 36; mwa izo 6 zokha ndi zopambana kotheratu, 15 ndi zapakati, 15 ndi zolephera. Mukakhala ndi +1 pa luso lina, zopambana zimakwera kufika 10, zolephera n'kutsika kufika 10. Choncho nambala yanu yaikulu muiike pa chinthu chimene mukufuna kumachita kawirikawiri, osati chimene chikumveka choopsa.

Pakati paja, pa 7 mpaka 9, ndi pamene pali kukoma konse kwa masewerawa. Tsiku lina mnzanga ankasewera mzamba wamasiye. Mwana wa mkulu wa mudzi anadwala, mnzangayo n'kuponya, panagwa 5 ndi 3. Ndinamuuza kuti mwana achira, koma asankhe: amalize mankhwala amene ankasungira mchemwali wake wodwala, kapena akathyole ena usiku pafupi ndi manda, pamene mlonda amuone. Anagwira dayisi imodzi n'kumaizunguza ndi chala, osayankhula. Tonse tinangoti zii. Kenako anati, "Ndipita kumanda. Andione." Masabata atatu otsatira nkhani yonse inachokera pa mawu amenewo.

Kodi ngabwino? Kwa ine, eya, kwambiri. Masewera otchedwa Dungeons & Dragons, amene anatuluka mu 1974 kuchokera kwa Gary Gygax ndi Dave Arneson, anazoloweretsa anthu kulowa m'mapanga, kupha zilombo ndi kutola chuma. Anuwa amakusungani pamudzi umodzi, pamene aliyense amene mwamulakwira mudzakumana naye mawa. Zofooka zilipo. Tsiku loyamba limayenda pang'onopang'ono, wokonda ndewu amatopa, ndipo wotsogolera amasenza katundu wolemera woganiza mtengo wa chilichonse pomwepo. Anthu anayi ngati inuyo ndi okwana bwino. Mukapitirira asanu ena amangoonerera.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Musaumbe mtengambali potengera munthu weniweni amene mumamudziwa, ngakhale mongoseka. Ndipo musanayambe, khalani pansi mugwirizane zimene simukufuna zioneke m'nkhani, monga imfa ya mwana kapena gulu kuukira nkhalamba. Ambiri amagwiritsa ntchito X-Card, imene anayambitsa John Stavropoulos: kapepala kolembedwa X pakati pa tebulo, wina akakagwira nkhani imakhota, popanda womufunsa chifukwa.

Pepala lanulo mupite nalo lili ndi mpata. Mzere wa ngongole ya moyo uja musadzaze nokha: mufunse anzanu atatuwo kuti mwa atengambali awo ndani anagogodapo pakhomo panu usiku, ndipo ankafuna chiyani.