Za chainsaw ndi thirakitala potola nkhuni zouma

Achimwene, amene wakuuzani kuti mtengo wouma suvuta kudula sakukufunirani zabwino. Wauwisi umagwera kumene mwaulozera, wouma umachita zake. M'kati mumakhala mutafumbwa, ndiye kachigawo kamene mumasiya pakati kuti kawongolere mtengo pogwa kamathyoka msanga ngati bisiketi. Makina akamanjenjemeretsa thunthu, nthambi zouma zakumwamba zimayoyokera pamutu panu inu maso ali pa tcheni. Yambani mwagogoda thunthulo ndi msana wa nkhwangwa. Likalira ngati ng'oma muli mphako, mwinanso njuchi.

Choopsa kwambiri chimabwera mtengo ukagwa n'kukodwa pa unzake. Anthu amathamangira thirakitala, kumanga tcheni yokokera pamwamba kuseri kwa mpando kuti akoke bwino. Mtengo ukakana, matayala akumbuyo amaluma nthaka, mphuno ya thirakitala imadzuka, ndipo pasanathe masekondi 2 yagwa chagada, woyendetsa ali pansi pake. Phazi silifika n'komwe pa kilatchi. Tcheni imamangidwa pa chitsulo chokokera ngolo cha m'munsi chija basi, giya yoyamba, pang'onopang'ono, ndipo pasaime munthu pafupi ndi tcheni yokungika.

Ondikwiyitsa ine ndi obwereketsa makinawa. Amakupatsani chainsaw buleki ya tcheni itafa, ena anachita kuichotsa, mu thanki ya oyilo wa tcheni atathiramo oyilo wakuda wochotsa m'galimoto. Buleki imeneyo ndi imene imakupulumutsani nsonga ya pamwamba ya bala (chitsulo chachitali chimene tcheni imazungulirapo) ikagunda nthambi makina n'kudumphira kumaso kwanu. Tcheni yobuntha, tupa osakupatsani, injini ikapsa mlandu wanu. Ndi nkhanza zimenezo! Musanalipire, lizani makina, kankhirani chotchinga cha kutsogolo kwa dzanja lamanzere, tcheni iime nthawi yomweyo. Lozetsani bala pa chitsa, muone ngati oyilo akuwazika.

Mafuta sakanizani nokha. Makina a kampani za Stihl ndi Husqvarna amafuna 50:1, kutanthauza 100 ml ya oyilo wa two-stroke mu malita 5 a petulo. Ambiri mwa makina otchipa aja amafuna 25:1, ndiye 200 ml, werengani kabuku kake. Nkhuni zodyedwa ndi chiswe zimakhala ndi dothi m'kati, tsanya ndi muwanga n'zolimba ngati chitsulo, choncho nolani nthawi iliyonse mukuthira mafuta. Tcheni ya saizi .325 imafuna tupa ya 4.8 mm, pa madigiri 30. Utuchi ukamatuluka ngati ufa m'malo mwa tizibenthu, yabuntha kale. Chipika chogona pansi musachidule mpaka kudothi, siyani pang'ono, chitembenuzeni, mumalize.

Ngati ndi m'nkhalango ya boma ngati Dzalanyama, pezani kaye chilolezo kwa a zankhalango, ngakhale mtengowo ndi wouma.

Kunena zoona, wouma woimirira ndibwino kuusiya, mutole zogwa kale. Koma popeza mvula yayandikira ndipo nkhuni mukuzifuna, bwerekani makinawo ndithu, ndipo mtengo ukakodwa thirakitala yomweyo ndiyo yokutulutsani, bola tcheni ikhale yaitali kuposa mtengowo. Musapite nokha kutchire, ndipo nsapato zikhale zolimba.