Ngati MRI ilipo kale, bwanji akudulabe ubongo wa anthu omwalira?

Wowerenga wina wanditumizira imelo, akuti: "Ndinaona zithunzi za mitsempha ya mu ubongo, zokongola zamitundumitundu, akuti anajambula ndi MRI munthu ali moyo. Nde ngati makinawo akuonetsa kale zonsezo, bwanji ena akumadulabe ubongo wa anthu omwalira nkumauunika ndi kuwala? Si kutaya nthawi kumeneko?"

Achimwene, zithunzi munaonazo si mitsempha yeniyeni ayi, ndi zojambula za kompyuta. Diffusion MRI imayeza mmene madzi akuyendera mu ubongo basi, ndipo poti madzi savutika kuyenda motsatira timaulusi ta mitsempha kusiyana ndi kutidutsa chopingasa, kompyuta imaganiza kuti kumene madzi akulowera nkumene ulusi walowera, nde imalumikiza mizere. Vuto ndi kukula kwake. Kachigawo kamodzi kamene MRI ya kuchipatala imayeza kamakhala ka milimita imodzi kapena ziwiri, pomwe ulusi umodzi ndi wonenepa pafupifupi maikulomita imodzi, ndiye kuti milimita mwaigawa ka 1,000. Mkachigawo kamodziko mumadutsa timaulusi masauzande ambirimbiri, tina tikupita uku tina uko, makina nkungokupatsani yankho limodzi. Mu 2017 panatuluka zotsatira za mpikisano umene magulu 20 a ofufuza anapatsidwa ubongo wopangidwa pakompyuta, woti njira zake zinali zodziwika kale, ndipo anapezadi mitolo ya timaulusi yambiri yeniyeni, koma yabodza imene anajambula inachuluka kuposa yoonayo. Nchifukwa chake pamafunika wina wokaona ndi maso.

Njira younikira ndi kuwala imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi 3D-PLI (Polarized Light Imaging), imene Markus Axer ndi Katrin Amunts akhala akuikonza ku Jülich, ku Germany. Timaulusi tambiri timakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, ngati waya wamagetsi wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo mafutawa anayalana mwadongosolo moti kuwala kwa polarized kukadutsamo kumasintha malinga ndi kumene ulusi walunjika. Ngati muli ndi magalasi a dzuwa a polarized, yang'anani sikirini ya laputopu uku mukuwatembenuza pang'onopang'ono, muona pena ikuda pena ikuwala. Mfundo yake ndi yomweyo. Ubongo amauumitsa ndi kuzizira, nkuudula timagawo ta maikulomita 60, osathira utoto uliwonse, kenako kagawoko amakaika pakati pa mafyuluta amene amazungulira madigiri 10 nthawi iliyonse, zithunzi 18 pa kagawo kamodzi, ndipo kuchokera pa mmene kadontho kalikonse kawalira ndi kudera kompyuta imawerengera kumene ulusi ukulowera komanso kupendekeka kwake. Pa maikulosikopu yabwino amaona mpaka pafupifupi maikulomita imodzi ndi theka. Tangoganizani, ubongo umodzi timagawo masauzande, kalikonse kokhoza kung'ambika kapena kukwinyika, nde zonsezo azidzazilumikizanso pakompyuta kuti zibwerere mmene zinalili. Ndi ntchito yotopetsa zedi.

Koma nayonso PLI imagwa mphwayi pamene mitolo iwiri yapingasana, chifukwa wina ukukokera kuwala uku wina uko, zimafafanizana, pachithunzi nkumaoneka ngati palibe kanthu. Apa mpamene Miriam Menzel ndi anzake anabwera ndi Scattered Light Imaging: mmalo moyeza kuwala kodutsa molunjika, amaunika kagawoko chammbali kuchokera mbali zosiyanasiyana nkumaona kumene kuwala kwamwazikira, poti ulusi umamwaza kuwala mopingasa ndi kumene walowera. Mitolo iwiri ngakhale itatu yopingasana imaoneka payokhapayokha. Kwa ine iyi ndiye yayankha funso lenilenilo limene MRI imakakamira.

Za CLARITY mwina munamvapo, ija Kwanghun Chung ndi Karl Deisseroth anatulutsa ku Stanford mu 2013, yochotsa mafuta mu ubongo kuti uzioneka mbee mpaka mkati, kenako nkuujambula ndi kuwala kopyapyala ngati pepala (light sheet) osaudula timagawo topyapyala. Pa mbewa imagwira bwino heavy. Pa munthu nde pamavuta, ubongo wake ndi waukulu, nthawi zambiri wakhalitsa mu formalin (mankhwala oti usaole), mankhwala olembera ulusi amachedwa kulowa, komanso ubongo wa achikulire uli ndi utoto wachilengedwe wotchedwa lipofuscin umene umawala wokha nkumasokoneza chithunzi. Ndipo mukachotsa mafuta mwachotsa chimene PLI imadalira, nde pa chidutswa chomwecho muyenera kuyamba ndi PLI.

Palinso OCT, yomwe ija madokotala a maso amayezera retina, inayamba mu 1991 ku MIT. Ubwino wake amajambula pamwamba pa chibuluma cha ubongo asanadule, akamaliza amasenga kagawo nkujambulanso, choncho zithunzi zimakhala zogwirizana kale. Kungoti kuwala sikulowa patali, mu white matter, mmene mwadzaza timaulusi ta myelin tija, mafuta amakumwaza msanga.

Funso lina limene mungafunse ndi loti bwanji osangogwiritsa ntchito electron microscope imene imaona chilichonse. Gulu la Jeff Lichtman ku Harvard limodzi ndi Google anachitadi zimenezo pa kachidutswa ka ubongo wa munthu ka pafupifupi 1 cubic millimeter, zotsatira anatulutsa mu 2024, ndipo data yake inakwana 1.4 petabytes, ndiye kuti ma GB 1.4 miliyoni. Kachidutswa kamodzi kokha! Ubongo wonse uli ndi tizidutswa totero toposa 1 miliyoni.

Nde ayi, sikutaya nthawi. Dokotala wa opaleshoni akamakonzekera kuchotsa chotupa pafupi ndi mitsempha yoyendetsa dzanja kapena yolankhulira, amayang'ana mizere ya MRI yomwe munaona ija, ndipo njira imodzi yodziwira kuti mizereyo ikunena zoona pati ndipo ikunama pati nkujambula ubongo wa womwalira ndi MRI kaye, kenako kuudula nkuuunika, zithunzi ziwirizo nkuziyerekeza.